Wotchi ya Bana Mutale

Papita masabata atatu chiwaikire Bana Mutale a ku Matero, ndipo ine ndikadali wokwiya nawo. Ndikudziwa kuti si bwino kulemba chonchi za munthu amene dothi la pamanda pake silinaume. Koma pa maliro paja mkulu wina wa mpingo anaimirira nanena kuti malemuwa anali mayi wofatsa, wosakonda mikangano, ndipo ine ndinaweramira pansi kuti anthu asaone nkhope yanga. Malemuwo akanakhala kuti akumva, akanatsegula bokosilo kumufunsa kuti zimenezo wazitenga kuti, tsiku liti, nthawi yanji.

Dzina lawo la pa chitupa linali Esnati, koma sindinamvepo munthu akuwatchula choncho. Aliyense ankati Bana Mutale, ndiko kuti amake a Mutale. Anakulira ku migodi, kumene anayamba ntchito ali mtsikana, yoboola timakadi ta makina owerengera. Pamene ndinkawadziwa anali atasamukira ku Lusaka, akuyang'anira kompyuta ya kampani ina yogaya chimanga ku Heavy Industrial Area. Ine ndinali wosesa pa kampanipo. Ndinachoka ku Katete ndisakudziwa kulemba dzina langa, ndipo sukulu ya akulu ndinaiyamba ndili kale ndi ana atatu.

Ndinene msanga chimene chinali pakati pathu, chifukwa iwo sankakonda munthu wozungulira. Ku Kanyama kuli bambo wina, Ba Daka, amene wakhala akutchedwa mbala theka la moyo wake chifukwa cha mzere umodzi umene ine ndinawerenga molakwa. Bana Mutale ankafuna kuti ndipite ndikanene zimenezi pamaso pa anthu. Ine sindinkapita. Tinakalamba tonse awiri tikukokana pa nkhani imeneyo.

Anali munthu wotopetsa kucheza naye. Mawu akuti "nthawi zonse" ankawada ngati fungo la ngalande. Mnansi akadandaula kuti masiku ano magetsi azima nthawi zonse, iwo ankatembenuka ndi magalasi awo pamphuno.

"Lyonse? Kangati?"

"Awe, Bana Mutale, nikamba chabe."

"Ndiye vamene nikana, vokamba chabe."

Kenako ankatulutsa kope la ana asukulu limene linkakhala pa tebulo la pakhonde. M'menemo ankalemba mzere umodzi pa chochitika chilichonse, nthawi kutsogolo, nkhani pambuyo: magetsi azima, magetsi abwera, madzi atuluka pampopi, madzi aleka. Ankamuwerengera munthuyo mpaka athawe. Amayi a mumsewu wawo analeka kudandaula pafupi ndi mpanda wawo. Mkamwini wawo analeka kulonjeza kuti adzabwera Loweruka, chifukwa Loweruka likadutsa ankapeza lonjezo lake lili m'kope.

Ankati makina sanama, koma ukawafunsa funso lopusa amakuyankha mopusa, ndipo sachita manyazi. Ankatinso mzere umodzi uli ngati munthu amene wamupeza yekha pamsewu: usanamukhulupirire, funsa kumene wachokera ndi amene wayenda naye. Mawu amenewa ndinawamva mpaka makutu kuwawa.

Zaka zija kwacha inkagwa sabata ndi sabata, magetsi akuzima theka la tsiku, anali atakalamba kale, koma anthu a timasitolo ta intaneti ndi a masukulu a m'makomboni ankawaitanabe makina akavuta. Mnyamata wina wamalonda, Ba Kelvin, anali ndi makompyuta asanu ndi limodzi pafupi ndi msika. Intaneti yake inkaduka tsiku lililonse, makasitomala n'kumachoka akutukwana. Anasintha mawaya, anasintha kabokosi ka intaneti, pomaliza anaitana mneneri amene anawaza madzi pa makina onse nanena kuti mnzake wa malonda watumiza chiwanda. Zitakanika ndiye anakumbukira Bana Mutale. Tinapita limodzi, ine nditanyamula chikwama chawo.

Sanatsegule chivundikiro cha makina ngakhale amodzi. Anakhala pansi, anatsegula sikirini yakuda ija imene achinyamata amaiopa, nakoka logi ya kabokosiko. Logi ndi buku limene makina amadzilembera okha, mzere uliwonse ndi nthawi yake. Anasefa mizere yonena za kuduka, anadula malo a ola pokha, nawauza makinawo kuti asanje ndi kuwerenga. Panatuluka timizere tochepa.

"Ba Kelvin, bwelani. Chibanda chanu chiyamba nchito fotini awazi, chikomboka seventini. Pa Sande sichisebenza. Chili na ulemu maningi."

Anatuluka panja, nayang'ana uku ndi uku. Kuseri kwa khoma kunali bambo wowotcherera mageti, amene anali atalumikiza makina ake pa waya womwewo. Magetsi akabwera 2 koloko masana iye ankayatsa, ndipo kabokosi ka Ba Kelvin kankakomoka. Ba Kelvin anaseka mpaka kugwira pamimba. Bana Mutale sanaseke. Anamuuza kuti madzi a mneneri aja alowa mu kiyibodi ziwiri, aziyanike padzuwa.

Umo ndi mmene analili. Akapeza choona sankakondwera nacho, ankangochiika patebulo ngati mbale yosatsuka, kuti mwini wake aione.

Ine anandipeza tsiku lina nditaima ndi tsache m'kachipinda ka kompyuta ku chigayo kuja, milomo ikugwedera, ndikuyesa kutchula zilembo zobiriwira za pa sikirini.

"Imwe ba Sakala, mupyanga olo mubelenga? Sankhani chimozi. Fumbi ingena mu mashini."

Ndinapepesa, ndinayamba kutuluka.

"Sininakambe ati yendani. Ikani chipyango uko. Nkalani apa."

Anandiphunzitsa zaka ziwiri, pa nthawi ya chakudya cha masana, mopanda chifundo. Pa makina aja panalibe zithunzi, unkalemba lamulo ndipo iwo ankayankha. Anayamba ndi tail, lamulo loonetsa kumchira kwa logi, zimene zangochitika kumene. Kenako grep, imene ankaitcha sefa: uipatsa mawu, iyo ikubweretsera mizere yokhayo imene muli mawuwo, ina yonse n'kutaya. Pambuyo pake awk yodula mzere m'zigawo, sort yosanja, uniq yowerenga zofanana, ndi kamzere koimirira kamene ankati paipi, kothira zotuluka m'lamulo lina kulowa m'linzake. Ndikalakwitsa ankandimenya pa zala ndi rula, ine bambo wa ndevu. Sefa ija ndinaikonda kwambiri, ndipo iwo anaona. Anandichenjeza kuti sefa imakupatsa chimene wapempha, osati chimene chinachitika. Ukapeza mzere wako, tenga nambala yake, tsegula logi yonse, uwerenge mizere khumi pamwamba ndi khumi pansi usanatsegule pakamwa.

Anandiuzanso za wotchi, mwezi woyamba womwe. Azungu amene anadzaika makinawo anasiya wotchi ya mkati pa nthawi ya kwawo, maola awiri kumbuyo kwa nthawi ya Lusaka, ndipo akulikulu analetsa kuisintha. Choncho nthawi iliyonse ya mu logi unkayenera kuwonjezapo awiri. Ndinalemba zimenezi m'kope langa ndi dzanja langa. Sindinganene kuti sanandiuze.

Patapita nthawi anakangana ndi akuluakulu mpaka anandichotsa pa tsache, nandilemba kukhala wothandiza wawo. Ndinagula tayi ku Kamwala.

Zinali zaka zija makampani a boma ankagulitsidwa. Kumapeto kwa mwezi uliwonse pa bolodi la pageti pankamatidwa pepala la mayina a ochotsedwa ntchito, ndipo amuna akafika m'mawa ankayamba kuwerenga bolodi asanapereke moni. Aliyense ankafuna kuoneka wofunika. Mwezi wina Bana Mutale anapita ku Mufulira kukaika mlongo wawo, ine n'kutsala ndekha ndi makina. Lachinayi la sabata imeneyo lole yodzaza matumba a ufa inatuluka pageti ndi chiphaso chooneka chabwinobwino, ndipo sinafike kulikonse. Chiphasocho chinasowa. Tsamba la tsikulo m'buku la alonda linapezeka litang'ambidwa.

Ziphaso zinkasindikizidwa pa makina a ku nyumba yosungira ufa, ndipo makinawo ankagwiritsidwa ntchito ndi makalaliki awiri. Ba Daka ankayamba 6 koloko m'mawa kuweruka 2 koloko masana. Kuyambira 2 koloko ankalowa mnyamata wina, mlamu wake wa manijala. Ba Daka anali munthu wa kwathu kum'mawa, mkulu wa mpingo ku Kanyama, wosunga makiyi a tchalitchi. Ndiye anandionetsa pokwera basi sabata yanga yoyamba mu Lusaka.

Manijala analowa yekha m'kachipinda kathu, chinthu chimene sanachitepo.

"Sakala, ba madamu bako kulibe. Iwe ungakwanise kuona ati pasi ya iyi lole inachoka nthawi bwanji?"

Ndinakonza tayi. Ndinalemba grep ndi nambala ya lole, ndipo mzere umodzi unatuluka, woyera ngati dzira. Munali nambala ya lole, nambala ya makina a kosungira ufa, ndi nthawi: 12:40. Dzina la munthu munalibe.

"Twelofu fote, bwana."

"So ni shifiti ya Daka."

"Ni ya Ba Daka, bwana."

Sindinayang'ane pamwamba, sindinayang'ane pansi, sindinawonjeze awiri. Ndinasindikiza, ndinang'amba kachidutswa ka mzere umodziwo, ndinapereka ndi manja awiri. Tsiku lotsatira anandiitana ku bwalo la kampani kuti ndiwerenge mokweza. Ine amene ndinaphunzira "a e i o u" ndili ndi imvi zoyamba, ndinaima pamaso pa mabwana a matayi n'kuwerenga osaphonya chilembo. Ndikanama ndikati sindinamve kukoma.

Ba Daka anandiyang'ana, chipewa chili m'manja. "A Sakala, mwana wakwathu, taonaninso bwino. Ine chiphaso chimenecho sindinachigwire."

"Makina sanama," ndinatero. Ndinatenga theka la mawu a Bana Mutale, theka linalo ndinalisiya.

Anagona ku polisi masiku angapo, anawatulutsa posowa umboni wina, koma ntchito inatha popanda kalata. Mpingo unawalanda makiyi. Ku Kanyama ana anayamba kuwaitana kuti Ba Unga, kunena ufa uja.

Bana Mutale anabwerera Lolemba, duku lakuda la maliro likadali kumutu. Nkhani anaimvera pageti. Sanandipatse moni. Anakhala pa mpando wawo, natenga logi ya mwezi wonse, anadula maola okha ndi awk, anathira mu sort, anathira mu uniq. Kenako anatembenuzira sikirini kwa ine.

"Belengani. Nchito iyamba nthawi bwanji apa?"

"Pa zilo folo."

"Nindani abwela pa nchito folo awazi kuno? Mfwiti?"

Anasuntha chala pa sikirini nafunsanso.

"Tiyi timwa nthawi bwanji?"

"Teni awazi."

"Manje mpata wa tiyi uli pati apa?"

Unali pa 08. Tsiku lililonse, mwezi wonse, makina onse ankapuma pa 08. Pamenepo ndinakumbukira maola awiri aja. Iwo sanalekere pomwepo. Anatsegula logi pa mzere wanga uja, nakwera pang'onopang'ono ndi chala pagalasi. Mizere isanu ndi iwiri pamwamba pake panali mzere wonena kuti Daka watseka makina, 11:58. Pansi pake, mlamu wa manijala watsegula, 12:05. Lole inapatsidwa chiphaso 2:40 masana, Ba Daka ali kale m'basi ya ku Kanyama. Ngakhale ndikanaiwala za wotchi, mizere isanu ndi iwiri yokha ikanawapulumutsa.

"Imililani. Tiyende kuli ba manijala. Munapeleka ndimwe, mukabweze ndimwe."

Sindinaimirire. Ndinanena za ana anga, za bolodi la pageti, za kuti munthu wochokera pa tsache ndiye woyamba kubwezedwa ku tsache, kapena kunja kwenikweni. Iwo anatembenukira ku makina. Kenako anasindikiza tsamba lonse, napita okha.

Sanachedweko. Ndinamva pambuyo pake kwa mlembi kuti anauza manijala kuti cholakwacho ndi cha ofesi yawo, popeza woyang'anira ndi iwo, ndipo anamuwerengera dzina la mlamu wake pamaso pa alendo. Manijala anayankha kuti nkhani inatsekedwa, ndipo ofesi yopereka mayankho awiri pa funso limodzi ndiye kuti ili ndi anthu ambiri. Kumapeto kwa mwezi wotsatira dzina la Bana Mutale linali pa bolodi. Langa panalibe. Ndinakhala pa mpando wawo zaka zitatu, mpaka chigayo chinatsekedwa.

Tsamba lija Bana Mutale anapita nalo ku Kanyama. Anapeza Ba Daka akuphwanya miyala m'mbali mwa msewu, yogulitsa kwa omanga nyumba. Ba Daka anawathokoza, koma pepalalo anakana kulandira. Anati iwo safuna pepala kuti adziwe kuti sanabe. Chimene chinanenedwa ndi pakamwa pamaso pa anthu chichotsedwe ndi pakamwa pomwepo, pamaso pa anthu. Bana Mutale anabwera kunyumba kwanga ku komboni ya George kudzandiuza mawu amenewa ataimirira, anakana mpando, anakana madzi.

Sabata yomweyo anagula wotchi yapakhoma, anaikhoma pakhonde pawo, naibweza maola awiri kumbuyo.

Ana awo ankayesa kuti amayi ayamba kusokonezeka. Alendo ankachedwa basi chifukwa cha wotchi imeneyo. Mkamwini anaikonza kawiri, ndipo kawiri konse anamukweza pampando kuti aibwezere pomwe inali. Batire ikatha ankagula ina tsiku lomwelo, ngakhale m'nyumba mulibe shuga. Sanauze munthu chifukwa chake. Tinkadziwa awiri.

Mwina mufunsa chimene ndinkapitirabe kumeneko. Chigayo chitatsekedwa palibe amene ankafuna munthu wa msinkhu wanga wopanda satifiketi. Amene ankandiitana pa maganyu a makompyuta anali iwo omwewo, munthu amene ndinamudyera ntchito. Ana anga anamaliza sukulu ndi maganyu amenewo. Chinthu chimenechi chimandipsetsa mtima kuposa zonse. Akanandithamangitsa ndikanapeza podana nawo, n'kugona tulo. Koma ankanditumira uthenga, ine n'kufika, n'kukhala pa benchi, iwo osakweza mutu pa makina awo.

"Ba Sakala, ni nthawi bwanji?"

Ndinkayang'ana pakhoma. "Leveni awazi."

"Nkoloko ikamba naini."

"Nawonjezapo tuu."

"Oho. Kuwonjeza muziba. Nanga njila ya ku Kanyama?"

Ndinkayankha kuti kuli mvula, Kanyama yadzaza madzi. Chilimwe ndinkati miyendo ikuwawa. Nthawi zina ndinkati mwezi wamawa, nthawi zina ndinkati mwina munthuyo anasamuka, kapena nkhaniyo anthu anaiwala, kuikumbutsa n'kutokosa chilonda. Iwo ankangoti "oho," nalemba kanthu, kenako tinkayamba ntchito ngati palibe chanenedwa. Sanakweze mawu ngakhale tsiku limodzi. Akanakalipa bwenzi zili bwino.

Tsiku lina ndinaphulika. Tinali titachoka ku sukulu ina ku Chawama kumene tinakhala tsiku lonse kufufuza chimene chinkadzaza makina a mu ofesi, ndinali ndi njala, ndipo funso lija linabweranso.

"Kodi imwe ndimwe Mulungu? Zaka zonse izi! Munthu analakwa kamozi chabe!"

"Awe, ine sindine Mulungu," anatero akupukuta magalasi ndi chitenje. "Mulungu akhululuka. Ine nisunga chabe logi."

Ndinachoka osatsazika, ndinakhala miyezi inayi osapondako. Mwezi wachisanu anatuma uthenga kuti pali makina ovuta ku Mtendere, ndibwere ndi sikuludiraiva yanga. Nditafika anandifunsa nthawi.

Matenda a shuga anawadya pang'onopang'ono. Maso anayamba kuchita khungu, ndipo mwana wawo Mutale anawakulitsira zilembo mpaka mzere umodzi unkadzaza sikirini. Ankawerengabe, mphuno pafupi ndi galasi, akukangana ndi adokotala za nthawi imene anamwa mankhwala. Ulendo wanga womaliza ndinawapeza atagona pa mpando wa pakhonde, atafunda bulangete masana. Ndinaganiza kuti mwina lero anena mawu ena, oti tasiyana bwino, monga amachitira anthu akaona kuti ulendo wayandikira. Ndinali nditakonzeka kulira.

"Ba Daka bakali moyo," anatero. "Nafunsa."

Amenewo ndiwo mawu omaliza amene anandiuza.

Patatha masiku anayi chiikire maliro, Mutale anandiitana nandipatsa envulopu yolembedwa dzina langa. Munali mapepala awiri. Loyamba linali tsamba lija la ku chigayo, la mabowo m'mbali, litasanduka lachikasu, mzere wanga uli pakati, khumi pamwamba, khumi pansi. Lachiwiri linali latsopano. Mayi uja, ndi maso ake akufawo, anali atalowetsa m'makina zifukwa zonse zimene ndinapereka zaka zonsezi, kuchokera m'makope ake, nazisanja, naziwerenga, monga anachitira ndi chiwanda cha Ba Kelvin. Pamwamba panali "mvula," ka 41. Kenako "mendo," ka 33. "Mwezi wamawa," ka 29. Zinkatsika choncho mpaka pansi, pamene panali mzere wa kamodzi kokha: "ati ndine Mulungu." Panalibe moni, panalibe siginecha.

Ndinatukwana, Mulungu andikhululukire, m'nyumba ya maliro. Mutale anandiyang'ana modabwa. Munthu wamtundu wanji amene amagona pa bedi la imfa n'kumasanja zifukwa za mnzake?

Lamlungu ndinakwera basi ya ku Kanyama. Mvula inali itagwadi, ndipo ndinaseka ndekha chifukwa ikanakhala ya 42. Ndinavula nsapato, ndinayenda pa njerwa ndi matumba a mchenga amene anthu amaika m'madzi, envulopu ili mkati mwa malaya. Tchalitchi ndinachipeza ndi kufunsa. M'busa wake ndi mnyamata amene nthawi ya chigayo anali asanayambe sukulu. Ndinamupempha mphindi zochepa pambuyo pa zolengeza, iye anayesa ndikufuna kupereka umboni wa machiritso.

Ba Daka anali pa benchi yakumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko, ndodo pakati pa miyendo. Ndinamva kuti akhala pamenepo chilandidwire makiyi.

Ndinanena dzina langa ndi kumene ndinkagwira ntchito. Ndinawerenga tsamba lonse, kuyambira mzere woyamba, nthawi iliyonse ndikuwonjeza awiri mokweza. Ndinaphonya kangapo, sizinali ngati tsiku la tayi lija. Ndinati munthu uyu sanabe, wonama ndinali ine, ndipo ndinadziwa patangopita masiku anayi koma ndinakhala chete kuti ndisunge ntchito. Achinyamata ankayang'anana, osadziwa kuti nkhalambayi ikunena za chiyani. Koma amayi achikulire a kutsogolo ankadziwa. Mmodzi anagwira pakamwa nati, "Mayo!" Wina anatembenuka kuyang'ana kumbuyo, kenako onse anatembenuka.

Ba Daka anaimirira pang'onopang'ono ndi ndodo yawo.

"A Sakala," anatero, "nkoloko yanu ikali ija yamene?"

Tchalitchi chonse chinaseka, ngakhale amene sanamve nkhani. Ine ndinaima pomwepo ndi pepala langa. M'busa anawapempha kuti abwere akhale kutsogolo ndi akulu a mpingo. Anakana, anati anazolowera kamphepo ka pakhomo.

Panja anandipatsa dzanja, lolimba ngati mwala umene akhala akuphwanya. Sananene kuti andikhululukira, sananenenso kuti ayi. Anati amene ankafunitsitsa kumva zimenezi ndi amake ana, koma anapita zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo akutchedwa mkazi wa kawalala. Kenako anatambasula dzanja, natenga tsamba lija limene anakana kwa Bana Mutale, analipinda kanayi, naliika m'Baibulo. Anafunsa ngati mayi wa magalasi uja akadali moyo. Nditawauza anavula chipewa.

Kuchoka kumeneko sindinapite kwathu. Ndinapita ku Matero, matope ali m'miyendo, ndikukonza m'mutu mmene ndikawauzire. Ndinafika pa geti ndisanakumbuke bwino kuti Bana Mutale tinawaika kale.

Pakhonde palibe chimene chasunthidwa. Tebulo lili pomwe linali, mwendo umodzi uli pa kachidutswa ka katoni. Makina awo ndi otseka, ndipo Mutale wawafunditsa kansalu. Mpando uli ndi dzenje pakati pa khushoni, rula ili m'kapu pamodzi ndi mapensulo, magalasi ali pamwamba pa kope lomaliza. Ndinalitsegula. Zilembo zake ndi zazikulu, zokhotakhota, zotuluka m'mizere. Mzere womaliza ukuti 15:20, malaiti yabwela. Pansi pake tsamba ndi loyera.

Mutale anatuluka ndi kapu ya madzi, naona kumene ndinkayang'ana.

"Ba ankolo, iyi nkoloko tichite nayo bwanji? Ba mayo benze kukana ati tisaigwile. Imwe muziba chifukwa?"

Ndinamuuza kuti agwire benchi. Ndinakwera ndi miyendo yanga ya ka 33 ija, ndinaitsitsa, ndinapukuta fumbi, ndinazungulitsa muvi kawiri, ndinaibwezera pa msomali wake. Mutale anayang'ana pa foni yake nati zafanana.

Anabwerera m'nyumba. Ine ndinakhala pa benchi panga, moyang'anana ndi mpando uja. Mayi ameneyu anakangana nane zaka zonsezi, wapambana, ndipo sanadikire n'komwe kuti amve. Pakhoma pali wotchi wamba tsopano, yonga ya m'nyumba iliyonse mu Matero. Ndinakhala pamenepo mpaka mthunzi wa mpanda unafika pa tebulo, yankho lili pakamwa, ndipo palibe amene anandifunsa nthawi.